Mmene England imadziwira ngati ovulala pa ngozi akusamalidwa bwino

Munthu akagundidwa ndi galimoto mumzinda wa London n'kuvulala modetsa nkhawa, ambulansi imene yamunyamula ikhoza kudutsa pageti pa chipatala osaima, n'kupitirira naye mphindi zina zambiri mpaka kukafika ku chipatala china. Wachibale amene wakwera nawo angaganize kuti dalaivala wasokonezeka mutu. Komatu dongosolo lake ndi lomwelo. Kuyambira mu Epulo 2010, ovulala kwambiri mumzindawu amathamangira nawo ku zipatala zosankhika: Royal London, King's College, St George's, ndiponso St Mary's imene inawonjezeredwa patapita miyezi ingapo. Zipatala zinazo zimasamalira ovulala pang'ono, ndipo zikalandira munthu woti sizingamuthe, zimamuthandiza kupuma, kuletsa magazi, n'kumutumiza msanga. Mu Epulo 2012 njira imeneyi inafalikira ku England konse. Dziko analigawa m'zigawo, chigawo chilichonse chili ndi chipatala chachikulu cha ovulala, zipatala zing'onozing'ono zochizungulira, maambulansi, ndi malo othandizirako anthu kuti ayambenso kuyenda ndi kugwira ntchito.

Kudutsa pachipatala uli ndi munthu amene akutaya magazi si nkhani yamasewera. Ganizolo litakhala lolakwika, anthu angamafere m'njira. Choncho amene analikhazikitsa anayenera kukhala ndi njira yodziwira, chaka ndi chaka, ngati likupulumutsa anthu kapena likuwapha. Njira imeneyo ili ndi nzeru zambiri, koma ilinso ndi malo amene maso ake safika, ndipo zonse ziwiri n'zofunika kuzimvetsa.

Nkhaniyi inayamba ndi manyazi. Mu 1988 madokotala a opaleshoni anatenga mafayilo a anthu 1,000 amene anamwalira atavulala ku England ndi ku Wales. Mwa iwowa, 514 anafika kuchipatala ali moyo. Akatswiri anayi anawerenga fayilo iliyonse payekhapayekha, ndipo pa imfa 170, atatu kapena onse anayi anagwirizana kuti munthuyo mwina sakanafa akanathandizidwa moyenera. Zifukwa zake sizinali zozizwitsa: magazi otuluka m'kati osawaletsa, munthu kuperewedwa mpweya, opaleshoni kuchedwa kapena osachitika n'komwe. Patapita zaka pafupifupi makumi awiri, mu 2007, bungwe la NCEPOD, limene limafufuza mmene odwala asamalidwira, linaunikanso ovulala kwambiri n'kupeza kuti pafupifupi 60 mwa 100 alionse analandira chisamaliro chosafika pamene chinayenera kufika. Vuto linkakula usiku ndi kumapeto kwa sabata, pamene wovulala ankakumana ndi dokotala wamng'ono, akuluakulu ali kunyumba. Mu Febuluwale 2010 ofesi younika kayendetsedwe ka chuma cha boma, National Audit Office, inanena kuti ku England anthu osachepera 20,000 amavulala kwambiri chaka chilichonse, 5,400 amamwalira, ndipo pakati pa 450 ndi 600 akanamapulumuka zinthu zikanalongosoka.

Mu lipoti lomwelo munali chiwerengero china chimene sichinatchuke kwambiri koma ine ndimachiona ngati phata la nkhani yonse. Zipatala zolandira ovulala zimene zinkatumiza zolemba zawo ku kaundula wa dziko zinali 59 zokha mwa 100 zilizonse. Zinazo zinkagwira ntchito mumdima. Palibe amene akanatha kunena ngati zikuchita bwino kapena ayi, ngakhale madokotala ake enieniwo.

Kaundula

Kaundulayo ankatchedwa TARN, ndipo anayambira ku Salford cha mu 1990, pansi pa yunivesite ya Manchester. Ntchito yake ndi yosaoneka ndi maso a odwala. M'chipatala chilichonse mumakhala munthu, nthawi zambiri namwino kapena kalaliki wophunzitsidwa bwino, amene amakhala pansi ndi fayilo ya wovulala n'kutolamo mfundo imodziimodzi. Ngozi inachitika nthawi yanji. Ambulansi inafika nthawi yanji, inanyamuka nthawi yanji. Magazi ankathamanga bwanji m'thupi pofika. Munthuyo ankayankha akamuitana, kapena anali chikomokere. Dokotala amene anamuona koyamba anali wa udindo wanji. Sikani anamujambula nthawi yanji, ku fiyeta analowa nthawi yanji. Mabala onse amene anapezeka. Ndipo pomaliza, patatha masiku 30, anali moyo kapena ayi.

Si aliyense wothyoka chala amene amalowa m'kaundulamu. Amalowa amene wagonekedwa masiku atatu kapena kuposa, amene wapita ku wodi ya odwala mwakayakaya, amene watumizidwa ku chipatala china kukaonana ndi akatswiri, ndi amene wamwalirira m'chipatala. Malire amenewa akumbukireni, chifukwa tidzawapezanso kutsogoloku.

Zolembazo zikasonkhana, chinthu choyamba chimene munthu aliyense angafune kuchita n'kuwerenga akufa. Chipatala ichi anamwalira angati, icho angati. Apa ndi pamene pali msampha woyamba. Chipatala chachikulu cha m'chigawo chimalandira dala anthu ophwanyika mutu, olasidwa pamtima, opsinjidwa ndi lole. Mwachidziwikire kumeneko kudzamwalira anthu ambiri kusiyana ndi ku chipatala chimene chimalandira othyoka mkono. Kuweruza ziwirizi powerenga maliro kuli ngati kuyerekeza zotsatira za MSCE za sukulu imene imasankha ana okhoza okhaokha ndi za sukulu yoyendera imene imalandira aliyense, kenaka n'kunena kuti aphunzitsi a uko ndi aulesi. Uyenera kuyamba wadziwa kuti aliyense analandira zotani.

Kuyeza bala

Ndiye bala amaliyeza bwanji? Pali buku la mabala onse odziwika, ndipo bala lililonse lili ndi nambala kuyambira 1, kutanthauza laling'ono, mpaka 6, kutanthauza loti munthu sangapulumuke nalo. Mu 1974 Susan Baker wa ku Baltimore ndi anzake anapeza njira yophatikizira manambalawa kuti apereke chithunzi cha munthu yense. Thupi analigawa magawo asanu ndi limodzi: mutu ndi khosi, nkhope, chifuwa, mimba, miyendo ndi manja pamodzi ndi mafupa a m'chiuno, ndiponso khungu. M'gawo lililonse mumatenga bala lalikulu kwambiri. Kenaka mumasankha magawo atatu ovulala koposa, nambala iliyonse n'kuichulukitsa ndi iyo yomwe, n'kuphatikiza.

Tiyerekeze mnyamata wa njinga yamoto amene wawombana ndi basi. M'mutu magazi aundana pansi pa chigaza, bala la nambala 4. M'chifuwa nthiti zathyoka ndipo phapo laphwanyika, nambala 3. Fupa la ntchafu lathyoka pakati, nambala 3. Tikachulukitsa tipeza 16, 9 ndi 9, zonse pamodzi 34. Muyeso umenewu, umene amautcha ISS, umathera pa 75, ndipo aliyense wopitirira 15 amawerengedwa kuti wavulala kwambiri. Nzeru ya kuchulukitsako ndi yakuti bala limodzi lalikulu limapha kuposa mabala ang'onoang'ono ambiri. Munthu wokhala ndi mabala atatu a nambala 2 amapeza 12, pamene wa bala limodzi la nambala 4 amapeza 16.

Muyesowu uli ndi chilema chake. Munthu wolasidwa m'mimba, chipolopolo n'kuboola chiwindi, matumbo ndi kapamba, amawerengeredwa bala limodzi lokha chifukwa zonsezo zili m'gawo limodzi la thupi. Akatswiri amalidziwa vutoli, ndipo pali miyeso ina yoyesa kulikonza, koma ISS ndi imene inakhazikika pafupifupi padziko lonse.

Kukula kwa bala pakokha sikokwanira. Nthiti zitatu zothyoka kwa mnyamata wa zaka 20 ndi ululu wa milungu ingapo, koma kwa gogo wa zaka 85 wodwala mtima zikhoza kukhala imfa. Choncho kompyuta imatenga ISS, zaka za munthuyo, ngati ndi mwamuna kapena mkazi, matenda amene anali nawo kale, ndi mmene ubongo wake unkagwirira ntchito pofika. Chomalizachi amachiyeza ndi sikelo ya Glasgow, imene Graham Teasdale ndi Bryan Jennett anaitulutsa mu 1974 momwemo: amaona ngati munthu akutsegula maso, ngati akulankhula zomveka, ngati akusuntha thupi akamuuza, ndipo zotsatira zake zimayambira pa 3, munthu wosayankha chilichonse, kufika pa 15, munthu wodziwa zonse. Kompyuta imayerekeza zonsezi ndi zimene zinachitikira anthu zikwizikwi ofanana naye amene ali kale m'kaundula, n'kunena kuti mwa anthu 100 otere, mwachitsanzo, 70 amapulumuka.

Apa tsopano kuweruza kumatheka. Tiyerekezenso zipatala ziwiri, chilichonse chalandira ovulala 100. Ku choyamba amwalira 15, ku chachiwiri amwalira 5. Koma tikaphatikiza mwayi wa wodwala aliyense, tikupeza kuti ku choyamba tinkayembekezera imfa 20, ku chachiwiri imfa 3. Chipatala cha maliro ambiri chija chapulumutsa anthu asanu amene kwina akanamwalira, ndipo cha maliro ochepa chataya awiri amene kwina akanakhala moyo. Chiwerengero chimenechi, cha opulumuka owonjezera kapena operewera pa 100 alionse, TARN inkachiika poyera pa intaneti, chipatala chilichonse ndi dzina lake. Kunali kulimba mtima kumeneko, chifukwa palibe mkulu wa chipatala amene amakondwera kuona dzina la chipatala chake kumunsi kwa mndandanda.

Chenjezo n'lakuti chipatala chaching'ono chimaona ovulala kwambiri ochepa pachaka, moti imfa ziwiri zokha zikhoza kuchigwetsera pansi popanda cholakwa cha munthu aliyense. Odziwa masamu amajambula malire osonyeza kusinthasintha kumene kungabwere mwangozi, ndipo amadzidzimuka pokhapokha chipatala chikatuluka kunja kwa malirewo. Ngakhale pamenepo, chiyambi chake si chilango. Amayamba aona ngati zolembazo n'zolondola, chifukwa kalaliki akaiwala kulemba mabala ena, odwala amaoneka ngati anavulala pang'ono, ndipo imfa zawo zimaoneka ngati zosayembekezereka.

Mphindi ndi ndalama

Kuwerenga opulumuka kumakuuza kuti pena pake palakwika, koma sikukulozera malo ake. Avedis Donabedian, dokotala wa ku yunivesite ya Michigan, analemba mu 1966 kuti chisamaliro chiziyezedwa patatu: zimene chipatala chili nazo, zimene chimachita, ndi zimene zimatsatira. Kwa ovulala, gawo lapakatilo ndi limene lili ndi mphamvu yosintha zinthu mawa lomwe, chifukwa ambiri mwa mafunso ake ndi a wotchi.

Tengani mankhwala otchedwa tranexamic acid, amene amathandiza magazi kuti asasungunuke akaundana pabala. Mu 2010 kafukufuku wa CRASH-2, amene anachitika pa odwala 20,211 m'zipatala 274 za m'mayiko 40, anasonyeza kuti mankhwalawa amachepetsa imfa za ovulala otaya magazi. Ataunikanso zotsatirazo anapeza kuti amathandiza akaperekedwa msanga, ndipo pakadutsa maola atatu phindu lake limatha. Ndi mankhwala otchipa. Vuto lake silinali ndalama koma kukumbukira, pakati pa phokoso ndi magazi, kuti jakisoni ameneyu abayidwe tsopano. Funso lakuti "ndi odwala angati oyenera amene anawalandira pa nthawi yake" lili ndi yankho loti namwino wamkulu akhoza kulitenga Lolemba m'mawa n'kusintha nalo kachitidwe ka gulu lake.

Boma la England linapita patsogolo n'kumangirira ndalama ku mafunso oterewa. Kuyambira 2012, chipatala chachikulu cha ovulala chimalandira ndalama yowonjezera pa wodwala aliyense, koma pokhapokha chikakwaniritsa mfundo zoikika, zimene zina anaziwonjezera kapena kuzikhwimitsa m'zaka zotsatira. Wovulala kwambiri alandiridwe ndi gulu lotsogozedwa ndi dokotala wamkulu pasanathe mphindi zisanu atafika, kaya ndi masana, kaya ndi 3 koloko ya usiku. Wotaya magazi alandire tranexamic acid m'nthawi yake. Wovulala m'mutu amene sakudziwa bwino zimene zikuchitika ajambulidwe sikani pasanathe ola limodzi. Wodwala aliyense alembedwe ndondomeko ya chithandizo chimene adzafunike kuti abwerere mwakale. Ndipo zolemba zake zitumizidwe ku kaundula pasanathe masiku oikika atatuluka m'chipatala. Mfundo yomalizayi inali yochenjera kwambiri: kusalemba kunasanduka kutaya ndalama, ndipo akuluakulu a zipatala, amene kale ankaona kaundula ngati chintchito chowonjezera, anayamba kulemba anthu ntchito yoti azimusamalira.

Ine ndimaiona njira imeneyi kuti inathandiza, koma sindiilandira ndi manja awiri. Chimene chili ndi ndalama chimakopa maso onse, ndipo chimene chilibe chimatsalira. Dokotala wamkulu akhoza kufika pa mphindi yachinayi, bokosi n'kuchongedwa, koma fomuyo sinena ngati anaganiza bwino atafika. Palinso chinthu china: ndalama yowonjezerayo imapita ku zipatala zazikulu, pamene zing'onozing'ono, zimene zimalandirabe ovulala ambirimbiri, zilibe chokopa chofanana nacho kuti zilembe mosamala. Mbali ya chigawo imene ikufunika kuunikidwa kwambiri ndi imene ili ndi nyali yochepa.

Kukhala pansi ndi fayilo

Manambala akathera, pamafunika anthu. Mwezi ndi mwezi madokotala a opaleshoni, ogonetsa odwala, anamwino, ojambula ndi a maambulansi amasonkhana m'chipinda chimodzi n'kutsegula mafayilo a amene anamwalira, makamaka amene kompyuta inati anali ndi mwayi waukulu wopulumuka. Amayenda ndi nkhaniyo mphindi ndi mphindi. Anafika nthawi yakuti, magazi akuthamanga bwino. Patatha theka la ola anayamba kutsika. Ndani anaona? Anauza yani? Magazi oti amuike anafika nthawi yanji kuchokera kosungira? N'chifukwa chiyani anapita naye kojambula m'malo mopita naye ku fiyeta? Pamapeto amagwirizana ngati imfayo inali yosapeweka, ngati mwina ikanapeweka, kapena ngati inali yopeweka ndithu.

Msonkhano wotere umafa tsiku limene wasanduka bwalo la milandu. Dokotala wachinyamata akakalipiridwa pagulu kamodzi, ulendo wina amabisa, ndipo anzake amaphunzira kubisa. Umafanso m'njira ina yachete: anthu kukambirana bwinobwino, kugwedeza mitu, kumwa tiyi, n'kubalalika popanda wina wosenza ntchito. Malangizo amene bungwe la WHO linatulutsa mu 2009 okhudza kukonza chisamaliro cha ovulala amalimbikira pa mfundo imeneyi, kuti vuto likapezeka pakhale chochita, ndipo pambuyo pake ayezenso kuti aone ngati vutolo lathadi. Ngati magazi ankachedwa chifukwa kosungira kuli kutali, yankho likhoza kukhala firiji ya magazi m'chipinda cholandirira ovulala momwemo, ndipo pakatha miyezi itatu wina abwere ndi mphindi zatsopano. Malangizowa sanalembedwere mayiko olemera okha. Chitsanzo chodziwika bwino ndi chipatala cha Khon Kaen ku Thailand, kumene kaundula wamba ndi kuunika imfa mwakhama zinatsitsa imfa za ovulala ogonekedwa popanda makina odula.

Chimene chimasiyanitsa kuyeza chigawo ndi kuyeza chipatala chimodzi ndi chakuti zolakwa zambiri zimachitikira pakati, pamene wodwala akuchoka m'manja mwa ena kupita m'manja mwa ena. Wa ambulansi pamsewu ali ndi mphindi zochepa zoti asankhe kopita. Akapita ndi wovulala kwambiri ku chipatala chaching'ono, munthuyo amataya maola akudikira kutumizidwa. Akamapita ndi aliyense ku chachikulu, chimadzaza ndi othyoka akakolo ndipo wofunikadi amasowa bedi. Bungwe la madokotala a opaleshoni ku America, American College of Surgeons, limalangiza kuti ovulala kwambiri opita ku chipatala chosayenera asapitirire 5 mwa 100 alionse, ndipo limavomereza kuti pofuna kukwaniritsa zimenezo, pakati pa 25 ndi 35 mwa 100 opita ku chachikulu adzapezeka kuti sanafunikire kupitako. Kulakwitsa kwinako kumadya ndalama, kwinako kumadya moyo, n'chifukwa chake sikelo anaipendeketsa dala. Ndipo munthu akamwalira ku chipatala chachikulu atagona maola asanu ku chaching'ono, imfayo ndi ya yani? Poyeza chipatala chimodzichimodzi, aliyense amaloza chala mnzake. Poyeza chigawo, imfayo ndi ya onse, ndipo funso limakhala lakuti foni yopempha kutumiza wodwala inaimbidwa nthawi yanji ndipo anaiyankha ndani.

Zimene zinapezeka, ndi zimene sizioneka

Mu 2018 Chris Moran, dokotala wa mafupa wa ku Nottingham amene ankatsogolera ntchito ya ovulala ku England konse, pamodzi ndi anzake anatulutsa zotsatira za odwala oposa 110,000 a pakati pa 2008 ndi 2017. Atafananiza ovulala ofanana, anapeza kuti mwayi wopulumuka unakwera ndi 19 peresenti. Izi sizikutanthauza kuti imfa zinatsika ndi 19 pa 100 alionse. Ndi muyeso wa opulumuka powayerekeza ndi omwalira. M'chilankhulo chomveka, akuluakulu a zaumoyo ananena kuti anthu oposa 1,600 anali moyo amene kale akanamwalira. Ambulansi yodutsa pageti ija inapezeka kuti ikuchita bwino.

Ndimakhulupirira kuti kusinthako n'koona, komabe munthu woona mtima ayenera kutchula chinthu chimodzi. M'zaka zomwezo zipatala zinayamba kujambula ovulala thupi lonse ndi sikani, ndipo makinawo amaona timabala timene kale sitinkaoneka. Munthu yemweyo, wovulala chimodzimodzi, lero amapeza ISS yokwera kuposa imene akanapeza kale. Akapulumuka, zimaoneka ngati chipatala chapulumutsa munthu wovulala kwambiri, pamene chasintha ndi diso loonera. Muyeso ukamasintha pamodzi ndi chinthu chimene ukuyeza, pamafunika kusamala polengeza chipambano.

Kaundula yemweyo anaululanso chinthu chimene okonza dongosolo sanachiganizire mokwanira. Iwo ankaganiza za mnyamata wa pa njinga yamoto. Mu 1990 ovulala kwambiri anali a zaka pafupifupi 36 tikatengera pakati, ndipo ambiri anali a ngozi za pamsewu. Pofika 2013 zakazo zinali zitakwera kufika pafupifupi 54, ndipo chovulaza anthu ambiri chinali kugwa pamtunda wosakwana mamita awiri: agogo kuterereka m'bafa, kuphonya sitepe, kugwa pochoka pabedi. Munthu wotere safika ndi magazi pankhope. Amalankhula, amati akumva bwino, pamene m'mutu magazi akudontha pang'onopang'ono, makamaka ngati amamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi. Mafunso a wa ambulansi, amene anakonzedwera ngozi zazikulu, amamuphonya. Amakathera ku chipatala chaching'ono, kuonedwa ndi dokotala wamng'ono, sikani n'kuchedwa. Lipoti la TARN la 2017 lokhudza okalamba linaika zimenezi poyera, ndipo pambuyo pake mfundo za ndalama zija anaziwonjezera kuti okalamba ovulala aziunikidwa mphamvu za thupi lawo ndi dokotala wodziwa za ukalamba m'masiku oyambirira.

Pali ena amene salowa n'komwe. Womwalirira pamsewu ambulansi isanafike, kapena m'njira, sali m'kaundula wa chipatala. Izi zimabala chinthu chodabwitsa: maambulansi akayamba kufulumira, anthu amene kale ankafera panjira amafika ali moyo pang'ono n'kumwalirira m'chipatala, ndipo manambala a chipatalacho amaipa pamene chigawo chonse chikuchita bwino. Popanda kuphatikiza zolemba za apolisi, za oyeza mitembo ndi za maambulansi, chithunzicho chimakhala chodukiza.

Ndiyeno pali funso limene limandikhudza kuposa onse. Kukhala moyo patsiku la 30 ndiye kuti chiyani? Mmisiri wa matabwa amene wapulumuka koma dzanja silikugwira, mayi amene wabwerera kunyumba koma sakumbukira mayina a ana ake, onsewa m'kaundula amalembedwa kuti zinayenda bwino. Dera la Victoria ku Australia, limene lili ndi kaundula wa ovulala kuyambira 2001 pansi pa yunivesite ya Monash, linachita chinthu chosavuta kumva koma chofuna khama: amaimbira foni opulumuka pakatha miyezi 6, 12 ndi 24, n'kuwafunsa ngati akumva ululu, ngati akutha kudzisamalira, ngati anabwerera kuntchito. Mayankho ake asonyeza kuti ambiri amavutika kwa zaka, m'thupi ndi m'maganizo. Dongosolo limene limasiya kuwerenga pachipata cha chipatala limaika mphamvu zake zonse pa maola oyamba, n'kusiya chaka chotsatiracho m'manja mwa banja.

Ngakhale kaundula mwiniwake akhoza kudwala. Mu Juni 2023 akuba a pa intaneti analowerera makompyuta a yunivesite ya Manchester, ndipo TARN inatsekedwa. Kwa miyezi yambiri zipatala zinalibe kotumiza zolemba zawo, mpaka mu 2024 pamene NHS England, bungwe loyang'anira zipatala za boma ku England, inatsegula kaundula watsopano, National Major Trauma Registry.

Kwathu kuno nkhaniyi si yachilendo kwenikweni. Chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe chakhala ndi kaundula wa ovulala kuyambira 2008, mothandizana ndi yunivesite ya North Carolina, ndipo makalaliki amakhala pamalo olandirira ovulala usana ndi usiku kulemba aliyense wofika. Kumeneko ISS ndi yovuta kuiwerengera bwino, chifukwa kuti udziwe mabala onse a m'kati pamafunika sikani, opaleshoni kapena kuyeza mtembo. N'chifukwa chake madokotala a ku Uganda anakonza muyeso wa Kampala, umene umangofuna zaka za munthu, kuthamanga kwa magazi, kapumidwe, ngati akuyankha, ndi kuchuluka kwa mabala akuluakulu, zinthu zoti kilinikala ofesala akhoza kulemba ndi cholembera pa mphindi imodzi. Ofufuza a ku Lilongwe anachitanso chinthu chimene chikugwirizana ndi vuto la osalembedwa lija. Anatenga mndandanda wa omwalira pa ngozi za pamsewu wa kuchipatala n'kuuika pambali pa wa apolisi, kuona amene akupezeka konsekonse ndi amene akupezeka kumodzi kokha. Mindandanda yonse iwiri inapezeka yoperewera: apolisi anali ndi anthu amene chipatala sichinawaone, chipatala chinali ndi anthu amene apolisi sanawalembe, ndipo masamu anasonyeza kuti panali enanso amene sanalembedwe kulikonse. Wovulala wa ku Mchinji, Dedza kapena Ntchisi amene wagona usiku ku chipatala cha boma akudikira ambulansi yopita naye ku Central amalowa m'kaundula wa ku Lilongwe pokhapokha akafika, ndipo maola amene anadikirawo amadziwika pokhapokha wina kumene anachokerako atalemba nthawi pa kalata yomutumizira.